Lichero Langa ndi Ana a M'damu

Ku famu, kuseri kwa Joni
14 Meyi 2023

Amake Leah,

Ndine Elijah Mukhuna, mwamuna wanu, wa zaka 68 chaka chino, ngati abusa amene anandibatiza sanaphonye powerenga. Ndayamba ndi dzina chifukwa dzanjali layamba kunjenjemera, mwina simungazindikire zilembo zimene munandiphunzitsa nokha pakhonde paja, ine nditaweruka kotchola tiyi, inu mukundimenya chala ndi pensulo.

Muli bwanji kumeneko ku Nsabwe? Mdzukulu wathu Rhoda akudzuka bwanji? Nanga alamu a Fraser ndi a pakhomo pawo? Ine kuno ndilipo. Bondo lija limandikumbutsa kuti lilipo kukazizira, koma ntchito ndikugwira: geti, nkhuku, ndi maluwa a abwana.

Munandifunsa kuti bwanji sindiimba foni ngati anzanga. Foni ndi ya alamu, ndipo ndikaimba mumalankhula ngati muli pamlandu, makutu ali mbali zonse. Kalata ndi yanu nokha. Mahamudu, wagalimoto ya katundu uja, amadutsa pano popita kumudzi, ndiye bola ndizimupatsira iyeyo.

Tsono imvani nkhani. Pafamu pano pali damu louma, lija ndinkakuuzani kuti achinyamata amabwera kudzajambulitsapo zithunzi. Chifukwa chake sindinakuuzeni. Kalekale, ine ndisanabwere, anthu anajambula kanema pamenepo, wonga aja amaonetsa m'mavidiyo pa Thekerani, koma woopseza. Dzina lake m'chinenero chathu tingati Ana a M'damu. Akuti ana odzola matope amatuluka m'damumo n'kumayenda khomo ndi khomo kupempha chakudya, ndipo amene watsegula chitseko saonekanso. Ine sindinamuonere, ndangomva. Akuti atangotuluka anthu sanamukonde, eni ake analuza. Koma patapita zaka ena anayamba kumukonda ngati ndi mpingo wawo. Amabwera atavala malaya olembedwa dzina la kanemayo, kudzola matope kumaso, ena mpaka kutapa dothi m'botolo kupita nalo kwawo. Ine ndimangowatsegulira geti. Anthu okhuta, amake Leah, mantha amachita kugula.

Tsopano abwana akuti eni kanema akubweranso kudzajambula gawo lachiwiri, lija anyamata amati pati thu. Kubwera anthu ambiri. Penapake ndakondwa, chifukwa pano ndimatha sabata ndikulankhula ndi nkhuku zokha. Penapake ayi, poti pochuluka anthu pamabweranso ofunsa mapepala. Koma zimenezo tizisiye.

M'envulopumu muli kangachepe. Mugule malata otsala a kuchipinda kuja, musadikire kuti akwerenso mtengo. Chimanga mwakololacho musagulitseko ngakhale akunyengerereni. Ndipo Rhoda aponde papepala, inu mulembe kuzungulira phazi lake, mundipatsire. Ndikufuna ndimugulire nsapato, pakuti Khirisimasi ino ndikubwera, kubwereratu. Ndinamusiya akukwawa, mwana wa malemu Leah yemweyu, ndipo sindikufuna adzandidziwe ndili m'bokosi.

Ndine wanu,
Elijah


9 Julaye 2023

Amake Leah,

Moni nonse. Ndamva kuti muli bwino, Mulungu alemekezeke. Inenso ndilipo, koma kuno kwazizira moti madzi a nkhuku akumauma ngati mwala m'mawa. Chiperoni chathu ndi mwana. Makaka munatumiza aja ndikudya pang'onopang'ono kuti asathe msanga. Phazi la Rhoda ndalandira. Abale, phazi lonseli? Ndalimata pakhoma pafupi ndi bedi.

Anthu aja anafika. Magalimoto, zingwe, magetsi aakulu ngati mabeseni, ndi ana odzaza minibasi. Tsono mukhale pansi, chifukwa zimene ndilembe apazi simukhulupirira.

Tsiku lina m'mawa ndinkapeta chimanga cha nkhuku m'lichero langa, limene ndinaluka ndekha ndi nsungwi za kuseri kwa khola. Mayi wamkulu wa kanemayo, amene onse amamuthamangira akakweza chala, anaima n'kumandiyang'ana. Akuti, “Madala, tachitaninso.” Ndinapetanso. Akuti, “Ndi inuyo amene takhala tikufuna.” Kani bambo amene anabwera naye kuti akhale nkhalamba anali wa masaya, wosaoneka ngati anagonapo ndi njala.

Ndiye ine ndili m'kanema, amake Leah. Ndine nkhalamba yokhala yokha m'mphepete mwa damu. Ana aja akagogoda, imawatsegulira n'kuwapatsa nyama, ndiye iyo yokha saigwira. Poyamba anandipatsa mbale yachitsulo. Mayi uja akuti ayi, lichero lomwelo. Nyamayo si nyama ayi. Ndi maswiti ofewa odula nthulinthuli, othira madzi ofiira a shuga. Ndinalawa. Rhoda akanatha lichero lonse.

Ntchito yake ndi yosamveka. Chitseko chimodzi ndinatsegula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndikatsegula, akuti tsekani mutsegulenso. Mwatsegula msanga. Mwachedwa. Mwamwetulira. Nanga mwana akakuyang'ana, umatani? Kutchola tiyi kuli ndi nzeru, tsamba ukatchola watchola, kapitawo sakuuza kuti ulibwezere pamtengo utcholenso.

Mtsogoleri wa anawo ndi kamtsikana, dzina lake Hazel, msinkhu wa Rhoda, kopanda mano awiri akutsogolo. Akakadzoza matope otuwa n'kukadetsa kuzungulira maso, kakaima pakhomo osaphethira, ndithu kamaopsa. Koma akangoti basi, kamayetsemula, n'kuthamangira bulangeti, kukudandaula kuti matope akuyabwa. Tsiku lina kanabwera kudzakhala pafupi ndi ine padzuwa, n'kutenga dzanja langa, kumayang'ana ming'alu ija inasiya tiyi m'zalamu. Akuti, “Mkhulu, munadzicheka ndi chiyani?” Mkhulu ndiye kuti agogo. Ndinakafotokozera za masamba awiri ndi kansonga, za dengu kumsana, za mapiri obiriwira mpaka kumene maso athera, m'Chizungu changa chothyokathyoka. Kanamvetsera osandisiya dzanja. Chichokereni kumudzi palibe mwana anandigwirapo dzanja. Misozi ndinanamizira utsi wa jenereta.

Andilonjeza kenakake kapamwamba. Kakabwera mudzagule chitseko chathabwa, chokhala ndi loko. Rhoda asapite kusukulu wopanda juzi.

Elijah


27 Ogasiti 2023

Amake Leah,

Muli bwanji? Ine ndilipo, kachifuwa pang'ono, fumbi lake la mwezi uno.

Apita. Anapakira zingwe zawo, magalimoto anatuluka, ine ndinatseka geti. Poyamba ndinkati pano ndi pachete, koma chete wa tsopanoyu ndi wina. M'damu mwatsala mapazi ang'onoang'ono pamatope ouma. Ndikamakatenga nkhuni ndimalambalala kuti ndisawaponde. Madzulo ndimapezeka ndikudikira kuti wina agogode.

Hazel potsanzikana kanamasula riboni yake yakumutu kuti ndikam'patse Rhoda. Kakuti, “Mukamuuze kuti siine woipa, ndi ntchito chabe.” Ndaisunga m'kati mwa nsapato. Nsapatozo ndagula, zakuda, zazingwe, zoposerako pang'ono papepala lija kuti azikuliramo. Zinthu kuno zakwera, sopo amene ndinkagula awiri pano ndi mmodzi, koma nsapato za mwana sizinandipweteke.

Pali china chimene ndakuchitirani. Ndinapempha mayi uja kuti atumize chithunzi ku foni ya alamu a Fraser, ndipo akuti chapita. Ine ndili pakati, andiveka chijasi chakuda, ndanyamula lichero lodzaza. Ana aja andizungulira ndi matope awo, atatambasula manja. Kumbuyo kwathu kukuoneka damu. Akuti chithunzi chimenechi ndi chimene adzaike pachikuto, dziko lonse lidzaone. Mukapemphe alamu akuonetseni. Mumuonetse Rhoda, mumuuze kuti awa ndi agogo ako, adziwiretu nkhope. Muwaonetsenso aja ankati Mukhuna ku Joni amangotola zinyalala.

Nandolo akauma musalole ogula apanjinga akupusitseni ndi sikelo zawo. Munda wakumunsi muyambe kusosa, kubzala tidzamalizira limodzi. Sutikesi ndatsitsa kale pamwamba, ndaipukuta.

Wanu,
Elijah


15 Okutobala 2023

Amake Leah,

Moni. Sindikufunsani kuti muli bwanji, chifukwa kalata yanu yandiuza. Ine ndilipo, thupi lokha.

Ndawerenga pang'onopang'ono monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno ndimalakalaka mukanapanda kundiphunzitsa. Mwati chithunzi chija chachoka pafoni ya alamu, chalowa foni ndi foni mpaka pamsika wa Thekerani. Mwati anthu akuti Mukhuna ali ku Joni kuphunzitsa ana ufiti, akuwadyetsa nyama ya anthu, ndipo lichero ndi ndege imene amabwerera kumudzi. Mwati Gracious, mdzukulu wa alamu, wadwala, ndipo thupi litatentha anabwebweta kuti waona nkhalamba ya chijasi ikumuitana. Nanga akanaona ndani, chithunzicho akumuonetsa tsiku ndi tsiku? Mwati kumjigo amayi amachotsa zidebe zawo inu mukafika, ndipo Rhoda kusukulu akukhala pabenchi yekha.

Mwatinso ena atchula dzina la Leah, kuti imfa yake ndi imene inandipezetsa mwayi wa ku Joni. Pamenepo ndinasiya kuwerenga. Ndinapita kukathirira maluwa amene ndinali nditathirira kale.

Amake Leah, ine ndinabadwira komweko, ndikudziwa zimene anthu amanena za lichero, nyama, ndi ana a eni. Mukanandionetsa chithunzi chotere cha munthu wina kale ndili kumudzi, mwina nanenso ndikanagwira pakamwa. Koma kuno lichero ndi lopetera basi. Mayi uja analikonda chifukwa cha maluko ake. Ndakhalitsa kuno mpaka maso akwathu anandithawa, ndinangoona ine nditavala jasi, ana atandizungulira, ndipo ndinati mkazi wanga anyadire. Ndakuponyerani moto padenga ndi dzanja langa lomwe.

Tsono mverani. Musayankhe munthu aliyense, ngakhale akutukwaneni. Madzi muzikatunga masana, anthu akuona, osati mbandakucha nokha. Chitseko chija mugule tsopano, musadikire. Kukakhala phokoso pakhomo musatuluke kukafunsa kuti ndani. Mukudziwa zimene zinawachitikira agogo aja a kutsidya kwa mtsinje, sindilemba. Mukawapemphe alamu, mwaulemu, kuti Gracious apite kuchipatala ku Makwasa akamuyeze magazi. Mayendedwe ake mutenge m'envulopumu, koma musanene kuti zachokera kwa ine, angakane.

Pamene ankajambula panali mnyamata wina amene ankajambulanso zakuseri, ana akudzozedwa matope, akusamba, akudya buledi. Ndipita m'tauni kukamufunafuna mayi uja kuti andipatseko zimenezo. Anthu akaona ndi maso awo kuti ndi ana a anthu, okhala ndi amayi awo, aleka.

Rhoda mumuuze kuti nyama ija ndi maswiti. Kodi nayenso akundiopa? Pamenepo simunalembepo.

Elijah


3 Disembala 2023

Amake Leah,

Moni kwa inu ndi Rhoda. Ndathokoza kumva kuti Gracious wachira, kuti anali malungo. Ine ndilipo. Bondo latupa pang'ono chifukwa chogona pasimenti.

Za ulendo wa m'tauni sindikamba zambiri. Pobwerera ndinagona kumalo kumene sindinafune kugona, kwa apolisi ofunsa mapepala aja, abwana anachita kudzanditenga, ndipo sakundilankhula bwino mpaka lero. Koma mayi uja ndinamupeza. Nditamufotokozera anayamba waseka, kenaka ataona nkhope yanga anasiya. Akuti, “Madala, komatu ndi kanema chabe.” Ndinati, “Mayi, kwathu nkhalamba zimaphedwa ndi miyala pa nkhani zochepera pamenepa.” Pamenepo anandiikira zakuseri zonse zija m'kamemori, kamene ndinapatsira Mahamudu. Ndinapemphanso kuti andichotse pachikuto. Akuti zimenezo zili m'manja mwa eni ndalama, zapita kale.

Zotsatira mukuzidziwa kuposa ine, koma ndilembe mmene Mahamudu wandiuzira, kuti ngati wandibisira kanthu mundikonze. Akuti anakaonetsa pavidiyo pa Thekerani tsiku la msika, ulere, ndipo munadzaza mpaka ena kusuzumira m'ming'alu. Akuti anthu anaseka kwambiri pamene Hazel anayetsemula matope n'kundigwera kumaso. Anaona ana akusamba, akulimbirana maswiti aja. Mahamudu anati basi nkhani yatha. Koma potuluka bambo wina akuti, “Nanga mfiti sisamba kukacha?” Ndipo ena akuti Gracious wachira chifukwa ndamumasula nditaona kuti ndaululika. Akanafa ndi ine, wachira ndi inenso.

Mawu a alamu a Fraser andipeza. Akuti, “Ukawauze alamu kuti ine ndilibe nawo chifukwa, koma mudzi ndi wa mbumba. Akaponda pano sindingathe kuwatchinjiriza. Mlongo wanga akafuna mwamuna wake amutsate, munda ndi malo atisiyire.” Sindikuwada alamu. Ndi mantha, ndipo mwina munda wakumunsi uja nawonso amauona.

Mwalemba kuti mukuganiza zochoka. Amake Leah, ayi. Ndikupemphani, ayi. Ine ndine mkamwini, ndinabwera pamudzipo ndi kachikwama, ndingathe kukhala paliponse. Koma dothilo ndi la amayi anu, mawa ndi la Rhoda. Nthochi zija munabzala nokha. Leah wagona pomwepo, adzamusesera ndani? Mukachoka simudzabwezeredwa. Munthu wa zaka zanu mukakhala kuti, mukadya chiyani?

Ndiye ndaganiza motere. Khirisimasi ino sindibwera. Mukawauze alamu kuti ndamva, sindiponda. Anthu akaona kuti mwandisiya, akusiyani. Ndizitumiza monga kale. Mwina zaka zikapita adzaiwala, mwina ayi. Sutikesi ndaibwezera pamwamba.

Mbewu mubzale mvula yeniyeni ikagwa, osati yoyamba yonamiza ija. Feteleza mugule thumba limodzi kaye.

Elijah


21 Januwale 2024

Amake Leah,

Muli bwanji? Ndikufunsa chifukwa sindikudziwa. Mahamudu wabwerako wopanda kalata. Akuti anasiya yanga ija m'manja mwanu, munawerenga muli chiimire, n'kuipinda. Ndinayesa foni ya alamu, sakuyankha. Ngati mwachita zimene ndinanena, kundisiya, mwachita bwino. Ndine ndinapempha. Koma sindinadziwe kuti zikhala chonchi.

Khirisimasi abwana anapita kunyanja ndi banja lawo. Ndinatsala ndi agalu. Ndinapha nkhuku imodzi imene anandipatsa, ndinaphika, koma inatha masiku. Mvula yagwa, damu lalowa timadzi, mapazi aja afufutika.

Eni kanema atulutsa kachidutswa kokopera anthu, ndiye achinyamata aja ayambiranso kubwera, ochuluka kuposa kale. Tsopano sakufuna damu lokha, akufuna ine. Akangondiona pageti amakuwa, “Ndi yemwe uja! Madala wa ana!” Akufuna ndijambulitse nawo, ndilembe dzina langa pamalaya awo. Mtsikana wina wandolo pamphuno anandikumbatira, akuti ndine woopsa kuposa onse, ndipo amanena moyamikira. Wina anafuna kugula lichero pamtengo woti mukanagulira mbuzi. Ndinakana. Ndinaganiza zolitentha, ndinafika nalo mpaka pamoto. Koma lalakwa chiyani? Ndipo nkhuku ndizipetera pati?

Chithunzi chake chomwecho, amake Leah. Kuno akundikumbatira nacho, kwathu akundithamangitsa nacho. Onse akuona munthu amene kulibe.

Nsapato zija ndimazitulutsa nthawi zina n'kuziyerekeza ndi pepala lapakhoma. Mwana akukula, pepala silikula. Ndikanazipatsira Mahamudu, koma ndikuopa kuti anthu akaziona adzati ndatumiza kanthu. Mundiuze chochita.

Ngakhale mzere umodzi, kungoti tili moyo.

Elijah


17 Malichi 2024

Amake Leah,

Moni, mkazi wosamva inu. Moni Rhoda. Ine ndilipo, ndipo lero ndadya bwino.

Mahamudu wafika dzulo. Sanadikire n'komwe kuti ndimupatse mpando. Akuti atafika pamudzi ndi kalata yanga anapeza nyumba ili yasa, denga kulibe, chitseko kulibe, udzu wamera pabwalo. Akuti mtima unamuchoka, anayamba kuganiza kuti adzandiuza chiyani. Atafunsa, anthu ankangoyang'ana kumbali. Ndi Gracious amene anamuthamangira kumsewu n'kumuuza kuti agogo anapita ku esiteti ya tiyi.

Anayenda makomboni angapo akufunsa. Anakupezani m'munda wa tiyi, mvula ikuwaza, dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno, pakati pa atsikana oti ndi adzukulu anu. Inu, amake Leah, amene munasiya kutchola Leah ali kumsana! Akuti anakufunsani za kalata, ndipo munati, “Mukawauze a Elijah kuti pepala ndilibe, ndipo zala zatupa. Anati ndisachoke chifukwa cha munda. Kodi munda unayamba wandifunsapo kuti ndadzuka bwanji? Ndinawaphunzitsa kulemba kuti azindipatsa moni, osati azindisudzula.” Mahamudu akuti anafunsa za denga, inu n'kuti, “Malata ndinazula, ndi athu. Chitseko ndinanyamula. Dothi lokha ndi limene ndawasiyira.”

Ndakwiya, mudziwe. Munda wa amayi anu wapita, nthochi, nandolo, zonse. Rhoda tamulanda malo ake ine ndi chithunzi changa. Zimenezi sizidzandichoka. Ndinakhala pabedi ndikuti ndakwiya, ndakwiya, kenaka ndinapezeka ndikuimbira nkhuku nyimbo ya tchopa.

Akuti madzulo munamutengera kukachipinda kamene akupatsani, malata ataimikidwa kukhoma, chitseko chathu chili pansi Rhoda akugonapo. Akuti Rhoda wayamba sukulu ya pa esiteti pomwepo, ndipo pabenchi akhala atatu mothithikana. Ndinamufunsa Mahamudu funso lija simunandiyankhe, loti kodi mwanayo akundiopa. Anaseka. Akuti pamene ankanyamuka Rhoda anamugwira malaya, akuti, “Ankolo, agogo akamabwera abweretse lichero lija. Lathu linatsala kumudzi, tikupetera m'beseni.” Atafika pagalimoto anamuthamangiranso, akuti, “Mukafunsenso ngati maswiti aja anatsalako.”

Ndawauza abwana kuti ndikupita. Akuti kanema atuluka posachedwa, alendo achuluka, ndikhale andiwonjezera. Ndinati apeze madala wina. Mahamudu akudutsanso Pasaka ikatha, ndipo wandisungira malo kutsogolo chifukwa cha bondo. Za pachipata cha malire akuti azidziwa iyeyo. Dengu mundisungire, inu mupume. Ngati zala zanga zaiwala tiyi, ulonda ndimautha, geti ndatsegula zaka zonsezi. Kumanda kwa Leah tidzapita tonse kukasesa, masana, anthu akuona. Ofuna kuyang'ana kumbali adzayang'ana.

Lichero ndalimanga kale pamwamba pa sutikesi. Maswiti aja kulibe, ndigula ena, koma osati ofiira.

Mahamudu anyamuka mawa ndi kalatayi ndipo abwererenso kuno asanadzanditenge. M'envulopumu ndaikamo pepala loyera ndi pensulo, kuti musanamizirenso. Ngati zala zikupweteka, alembe Rhoda. Mundiuze komboni yake, mzere wake, ndi khomo lake, ndisakagogode pa eni ake, poti mwaona zimene zimachitika ine ndi zitseko. Ndipo kuseri kwa pepalalo Rhoda apondepo kachiwiri. Nsapato zija ndikukayika ngati zilowe.

Yankhani msanga, ndili pageti.

Mwamuna wanu,
Elijah Mukhuna